MPINI ULI M'MANJA MWA YANI?

Caka ndi caka, mayeso a Giredi 12 akatha, m'misewu ya Chipata mumadzala anyamata ndi atsikana onyamula maenvulopu a khaki. M'maenvulopumo muli masetifiketi, ndipo eni ace ali ndi ciyembekezo cakuti penapace pali mpando ndi tebulo zimene zili kuwadikira. M'caka ca 2022, pamene Boma linalengeza kuti lifuna aphunzitsi 30,000, amene anapempha nchitoyo anapitirira 100,000. Tsono mwa anthu khumi ali onse, asanu ndi awiri anabwerera kwao cimanjamanja. Kumapeto kwa caka comweco mbiri inayamba kumveka yakuti kunja kwapangidwa makompyuta odziwa kulemba makalata, kumasulira zinenero ndi kuyankha mafunso monga acitira munthu wophunzira. Zimenezi ndizo nchito zimene sukulu inatikonzera ife.

Cifukwa cace ndifuna kuti tilingalire pamodzi funso lakale ndithu, ngakhale lero labwera ndi nkhope yacilendo. Kodi cipangizo catsopano cikafika ndi kucepetsa thukuta la anthu, phindu lace liyenera kugwera yani? Nanga munthu amene nchito yace yatengedwa ndi makina, kapena amene sanaipeze konse, kodi ali nalo gawo m'nkhokwe ya dziko, kapena wasanduka mlendo wongodya za eni? Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo nchito yanga ya kulemba, kusunga mafaelo ndi kuyankha makalata ili pakati pa nchito zimene anthu anena kuti makina atsopanowa adzayamba kuzitenga. Motero sindilankhula monga munthu woonerera moto wa kutsidya kwa mtsinje. M'miyezi yapitayi ndawerenga mabuku atatu a Cingerezi okamba za nkhaniyi. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kuthwa kwa kalumo kumaoneka pamene kameta mutu wa mwini mudzi. Tiyeni tsono tiyese mau a alendowa pa mbiri ya kwathu kuno.

Mphero ya mbuye ndi cigayo ca pa mudzi

Buku loyamba ndi Power and Progress, limene analemba Daron Acemoglu ndi Simon Johnson, aphunzitsi a za cuma a ku America, ndipo linatuluka m'caka ca 2023. Caka cotsatira awiriwa analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi mnzao James Robinson. Iwo atsata mbiri ya zipangizo kwa zaka cikwi, ndipo cimene apeza ncakuti makina atsopano sagawira anthu onse ubwino mwa iwo okha. Phindu liyamba kugwera iwo amene ali ndi mphamvu kale, ndipo lifika kwa anthu wamba pokhapo anthu wambawo atapeza mau pa bwalo.

Zitsanzo zao nzomvetsa cisoni. Kale ku England kunamangidwa mphero zoyenda ndi madzi ndi mphepo, zimene zinali kupera pa tsiku limodzi tirigu amene banja likadapera ndi manja masiku ambiri. Koma mpherozo zinali za eni malo ndi za akulu a nyumba za amonke, ndipo m'malo ena alimi analetsedwa kusunga mphero ya manja m'nyumba zao, kuti aliyense akaperetse kwa mbuye wace ndi kulipira. Ku America, m'caka ca 1793, Eli Whitney anapanga makina olekanitsa thonje ndi njere zace. Munthu akadayesa kuti akapolo apumulako. Koma popeza thonje linayamba kupindulitsa kwambiri, minda inakula, ndipo akapolo amene anali ngati 700,000 m'caka ca 1790 anafika pafupi 4 miliyoni m'caka ca 1860. M'mafakitale ndi m'migodi ya England ana ang'ono anagwira nchito kuyambira mbandakuca kufikira usiku, mpaka nyumba ya malamulo inaika malamulo monga a 1833 ndi 1842 oletsa zina mwa nkhanzazo. Moyo wa anchito unayamba kukoma pamene anapanga mabungwe ao ndi kupata ufulu wa kusankha owalamulira.

Powerenga zimenezi ndinakumbukira mbiri ya dera lathu lino. Mu Januwale 1898 asilikari a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni ndi mizinga ndi mfuti za ciwaya. Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa, ndipo ng'ombe zikwi zambiri zinalandidwa. Koma cipangizo cimene cinasintha moyo wa m'midzi koposa mfuti cinali cacing'ono, ndico colembera ndi kaundula wa msonkho. Dzina la mwamuna likalowa m'kaundula, ndalama zinafunika caka ndi caka. Ndipo popeza pa mudzi panalibe ndalama, amuna anayenda pansi kunka ku migodi ndi ku mapulazi a Southern Rhodesia, ena a iwo nasanduka machona osabweranso. Kampani ya North Charterland inati dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson ndi lace, cifukwa linalembedwa pa pepala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu anasamutsidwa ndi kupanikizidwa m'malo opatulidwira anthu akuda, ndipo nthaka yabwino inasungidwira Azungu amene ambiri a iwo sanabwere konse. Wolemba mbiri Leroy Vail anafotokoza m'caka ca 1977 mmene malo osiyidwawo anamerera chire, nyama za kuthengo ndi nchenche za kashembe zikubwerera, pamene m'malo opanikizanawo nthaka inali kuguga. Boma linagula malo a kampaniyo m'caka ca 1941, anthu atabvutika kale zaka zambiri.

Kulemba ndi luso labwino, ndipo ndi luso lomwelo limene amishoni a ku Magwero ndi ku Madzimoyo anaphunzitsa makolo athu. Koma m'manja mwa wokhometsa msonkho linasanduka goli. Ndipo ndani anagwira colemberaco tsiku ndi tsiku? Anali makalaliki, anthu akuda ophunzira ku mishoni, a nchito yonga yanga yomwe ino. Makina a Boma a masiku amenewo tinali ife.

Komabe tisathamangire kunena kuti cipangizo ciri conse ndi mdani. Taonani cigayo. Amai athu anali kudzuka tambala woyamba kukasinja pa mtondo, msana ndi manja zikuwawa, ndipo cigayo cinawabwezera maola ambiri a tsiku. Nanga ncifukwa ninji mphero ya ku England inasautsa mlimi, pamene cigayo ca ku Chiparamba kapena ku Mtenguleni cinampeputsa? Makinawo safanana m'mapangidwe, koma nchito yao ndi imodzi. Kusiyana kuli apa: zigayo zathu zili ndi eni ambiri, ndipo wina akakweza mtengo mupita kwa mnzace, ndiponso palibe lamulo loletsa mai kusunga mtondo wace. Iye ali nao ufulu wa kukana. Njinga nayo, imene pano pa Chipata inyamula anthu, makala ndi matumba a nsawa, yalemeretsa osauka cifukwa wosauka atha kukhala nayo yaceyace. Cipangizo cimene munthu wamba angacigule, kucikonza cikaonongeka, kapena kucikana, kawirikawiri cimamtumikira. Cimene cili m'manja mwa mmodzi yekha, ndipo onse akakamizidwa kudzera pa ico, cimamlamulira. Nkhwangwa ikhulupirira mpini, ndipo ife tiyenera kufunsa za dzanja limene lagwira mpiniwo.

Pamene ndisiyana pang'ono ndi olemba awiriwa ndi apa. Iwo alemba monga anthu okhala m'dziko limene makinawo apangidwa, kumene nyumba ya malamulo itha kuitana mwini kampani ndi kumfunsa mafunso. Ife tili kumapeto kwa cingwe. Mkuwa wa m'nthambo za makinawo ucokera m'nthaka yonga ya Zambia, ndipo m'caka ca 2023 magazini ya Time inaulula kuti anthu a ku Kenya amene analembedwa kusefa mau onyansa pophunzitsa ChatGPT anali kulandira ndalama zosapitirira madola 2 pa ola. Tsono mau athu safika kumene makinawo aumbidwa. Koma afika ndithu kumene agwiritsidwa nchito m'dziko lathu. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa muno m'Zambia, ndipo zinatsegulidwa anthu atadandaula ku khoti lalikulu. Pamenepo mpini unaoneka poyera, ndipo panaonekanso kuti anthu akalankhula dzanja limamasuka.

Nchito imene mwini wace saikhulupirira

Buku laciwiri analemba David Graeber, katswiri wa maphunziro a cikhalidwe ca anthu amene anali kuphunzitsa ku London, namwalira m'caka ca 2020. Bukulo linatuluka m'caka ca 2018, ndipo dzina lace ndi mau acipongwe amene sindingawalembe m'buku lowerenga ana a sukulu. Iye ayamba ndi John Maynard Keynes, amene m'caka ca 1930 analosera kuti makina akadzacuruka adzukulu ace adzagwira nchito maola 15 okha pa sabata. Makina anacurukadi, koma mpumulo sunafike. Graeber ati m'malo mwace kunabadwa nchito zambirimbiri za m'maofesi zimene ngakhale ozigwira adziwa mumtima kuti zilibe phindu kwa munthu aliyense: kulemba malipoti osawerengedwa, kuyang'anira anthu osafuna woyang'anira, kukhala pa mpando kuti bwana aoneke wamkulu. Achula kafukufuku wa ku Britain wa m'caka ca 2015, m'mene anthu 37 mwa 100 anati nchito yao siithandiza dziko m'njira yooneka. Ofufuza ena a ku England anatsutsa ciwerengeroci m'caka ca 2021, nati m'maiko a ku Ulaya anthu oganiza motero ndi ngati 5 mwa 100, ndi kuti maganizowo amabuka kwambiri kumene mabwana sacitira ulemu anchito ao.

Kalaliki aliyense wowerenga bukuli adzaseka pang'ono ndi kucita manyazi pang'ono, pakuti tonse tidziwa pepala limene lidindidwa katatu lisanalowe m'kabati m'mene silidzaturukanso. Koma nthenda imene Graeber afotokoza ndi ya maiko okhuta. Kwathu kuno nchito zofunika ndizo zasowa manja: mphunzitsi mmodzi aima pamaso pa ana odzaza cipinda mpaka pa khomo, ndipo namwino mmodzi acezera usiku ndi odwala ambiri. Cimene ndatola m'bukuli ndi muyeso wace, umene uli wapafupi. Ganizani kuti anthu onse ogwira nchito yakutiyakuti asowa mawa m'mawa, ndani adzalira? Akasowa amai olima cimanga ndi nsawa ku Chadiza, dziko lonse lidzalira mwezi usanathe. Akasowa wokonza mjigo, mudzi udzamwa madzi a m'dambo. Graeber aonanso cinthu cimene ife ticiona tsiku ndi tsiku, cakuti kawirikawiri nchito imene ili yofunika koposa ndiyo ilipidwa mocepa koposa.

Nanga akasowa kalaliki? Yankho lace lidalira mmene kalalikiyo agwirira nchito. Mai wamasiye wofuna ndalama za malemu mwamuna wace, mnyamata wofuna citupa kuti akalembetse ku koleji, nkhalamba yofuna kuti dzina lace lilowe m'ndandanda ya olandira thandizo, onsewa afika pa zenera atayenda ulendo ndi kulipira ndalama za galimoto zimene anabwereka. Ngati kalaliki afupikitsa ulendo wao, kuti cimene akadabwerera katatu cithe tsiku limodzi, nchito yace ndi yeniyeni monga ya wokonza mjigo. Ngati autalikitsa, ndiye kuti adya thukuta lao popanda kuwabwezera kanthu, ngakhale abvale tayi wokongola.

Apa ndipo makina alowa m'nkhani ya cikumbumtima. M'caka ca 2015 Boma linayamba kupereka thandizo la feteleza ndi mbeu kudzera m'makadi a kompyuta m'maboma 13, ndipo m'caka ca 2017 njirayi inafalikira dziko lonse. Mlimi anali kupereka K400, Boma nkuonjezapo, ndipo iye anali kukasankha yekha zofunika kwa wogulitsa. Colinga cace cinali cabwino: kucotsa maina a anthu osakhalako, kutseka mipata ya akuba, ndi kupatsa mlimi ufulu wa kusankha. Koma m'malo ambiri makadi anacedwa kutsegulidwa, netiweki inabvuta, ndipo maboma ambiri anabwezedwa ku njira yakale kwa zaka zingapo njira ya kompyuta isanabwerenso. Mvula siidikira netiweki, ndipo feteleza wofika cimanga citafuula ngaiyaye ali ngati mankhwala ofika pa maliro.

Coopsa cimene ndiona m'zimenezi sicili m'makina, amene amakonzeka. Cili mwa ife okhala kumbuyo kwa makinawo. Kale kalaliki akataya faelo, mlandu unali wace, ndipo anali kuyang'ana pansi pamaso pa mwini faeloyo. Lero pali mau atsopano obisalamo: "Kompyuta yakana," kapena "Dzina lanu silikuoneka." Mau amenewa atha kukhala oona, koma amatha nkhani m'malo moiyamba. Kompyuta ilibe manyazi, ndipo simungaiitanire ku bwalo la mfumu kuti ikayankhe. Cifukwa cace ndikhulupirira kuti makina akamacuruka m'maofesi, gawo la nchito limene litsalira munthu ndilo lolemera koposa: kukhala nkhope imene iyankha, kufufuza cifukwa cimene dzina lasowera, ndi kuuza mlimi tsiku loona lobwerera. Kulemba kalata makina adzalemba bwino kuposa ine, ndipo sindidzalira. Koma mlandu wa colakwa uyenera kukhala ndi mwini amene ali ndi dzina ndi mudzi.

Gawo la amene sanalembedwe nchito

Buku lacitatu ndilo linandisowetsa tulo. Dzina lace ndi Give a Man a Fish, la m'caka ca 2015, ndipo analemba James Ferguson, wa ku America, amene m'zaka za m'ma 1980 anakhala ku Kitwe kuphunzira moyo wa anthu a m'migodi pamene mkuwa unali kugwa mtengo. Dzina la bukuli licokera ku mwambi wodziwika wakuti kuphunzitsa munthu kuwedza kuposa kumpatsa nsomba. Ferguson afunsa kuti, nanga ngati m'mphepete mwa nyanja mwadzala kale asodzi odziwa nchito, ndipo nsomba zikokoledwa ndi zombo zazikuru za anthu ocepa, kuphunzitsa msodzi winanso kudzathandiza ciani? Akumbutsa kuti kale migodi ndi mapulazi a kumwera kwa Afrika anali ndi njala ya manja, kotero kuti anali kutuma anthu kudzalemba amuna m'maiko athu ano. Lero migodi ikumba zambiri ndi anthu ocepa. Tsono iye ati tileke kunamiza acinyamata kuti aliyense adzalembedwa nchito, ndipo tiyambe kuganiza za kugawa.

Apereka citsanzo ca South Africa, kumene anthu mamiliyoni ambiri alandira ndalama za Boma mwezi ndi mwezi cifukwa ca ukalamba, kulemala kapena kulera ana. Ndiponso ca mudzi wa Otjivero ku Namibia, kumene m'zaka za 2008 ndi 2009 munthu aliyense wosafika zaka 60 anali kulandira madola 100 a dzikolo pa mwezi. Nafe tili nayo mbiri yotere. Thandizo la ndalama kwa mabanja osauka linayambira ku Kalomo m'caka ca 2003, ndipo m'caka ca 2007 ku Katete kunayesedwa njira yopatsa ndalama okalamba a zaka 60 ndi kuposapo. Mfundo yaikuru ya Ferguson njakuti ndalama zotere tisaziyese mphatso ya wacifundo kwa wopempha, koma gawo la mwini m'cuma ca dziko lace.

Kwa munthu woleredwa ku mishoni mau awa ngolimba. Tinaphunzitsidwa kalata ya Paulo kwa Atesalonika imene imana cakudya munthu waulesi, ndipo makolo athu anatiphunzitsa comweco ndi khasu. Koma tikaiwerenga bwino kalatayo tiona kuti idzudzula munthu wokana nchito. Aphunzitsi aja oposa 70,000 amene sanatengedwe m'caka ca 2022 sanakane nchito ai. Nchito ndiyo inawakana. Kuika wokana ndi wokanidwa m'dengu limodzi ndiko kuweruza mlandu mosamva mboni.

Ndiponso maganizo a gawo si acilendo kwa Acewa, Angoni ndi Ansenga. Nyama ya pa uzimba sinali ya woponya mkondo yekha. Oingitsa analandira, mfumu inalandira, ndipo nkhalamba yotsala pa mudzi inadya msuzi. Mwana wamasiye sanafunsidwe kuti walima mizere ingati asanasambe m'manja, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mkuwa wa pansi pa Solwezi palibe anaulenga ndi manja ace. Ngakhale makompyuta olemba makalatawa anaphunzira nzeru zao powerenga zolemba za anthu osawerengeka amene sanalipidwe kanthu. Ngati cuma cabadwa ku nthaka ya onse ndi ku nzeru za onse, kuti cidyedwe ndi mwini makina yekha ndi kuba, ngakhale kubako kukhale kololedwa ndi pepala monga malo a North Charterland.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene ndingamuuze Ferguson. Coyamba tinaciphunzira m'caka ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Zokolola za cimanga zinatsika ndi kuposa theka, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Ooca zitsulo, ometa tsitsi ndi eni zigayo za magetsi anakhala manja lende. Ndalama zothandizira anthu zinapulumutsa mabanja ambiri, ndipo zimenezo nzoona. Koma ndalama ndi pepala lotapira m'nkhokwe, ndipo nkhokwe ikakhala yopanda kanthu pepalalo silikhutitsa. Gawo lifuna kuti wina alime. Dziko limene liphunzitsa ana ace kugawa, osalemekeza wolima ndi kumlipira mtengo woyenera, lidzagawana njala.

Caciwiri ndi ca ndale. Gawo limene liperekedwa ndi dzanja la munthu wofuna voti lisanduka cingwe ca pa khosi. Kumbukirani mau akuti thangata. Poyamba anali kutanthauza kuthandizana kwa abale ndi anansi m'munda. Koma pa minda ya Azungu ya kumapiri a Shire ku Nyasaland anasanduka nchito yokakamiza yolipirira malo okhalapo, ndipo anali pakati pa madandaulo amene anautsa John Chilembwe m'caka ca 1915. Mau okoma atha kupindidwa motero. Ngati thandizo ndi gawo la mwini, liyenera kuikidwa m'lamulo, ndandanda ya olandira iwerengedwe poyera pamaso pa mudzi, ndipo wosiyidwa adziwe khomo lokadandaulako. Wolandira gawo lace saombera m'manja wogawa koposa mmene mwini munda aombera m'manja mnyamata wonyamula dengu.

Cimene ndatsala naco

Tsono ndiyankhe mafunso amene ndinafunsa poyamba. Phindu la cipangizo catsopano liyenera kufika kwa onse amene thukuta lao, nthaka yao ndi nzeru zao zinacibala, ndipo mbiri ionetsa kuti silifika lokha popanda anthu kulifunsa. Munthu amene sanalembedwe nchito ali nalo gawo m'nkhokwe ya dziko cifukwa ndi mwana wa pa mudzi. Koma ali nayonso ngongole kwa mudziwo, ndiyo kugwira ciri conse cimene cipeputsa katundu wa mnzace. Cilankhulo cathu casokoneza zinthu ziwiri pansi pa liu limodzi. Munthu akati "sindili pa nchito" atanthauza kuti alibe bwana ndi malipiro a pa mwezi, ngakhale wacokera kudimba m'mawa womwewo. Adzukulu okumba manda salandira malipiro, ngakhalenso mai wosamala apongozi odwala zaka zitatu. Koma mudzi wopanda iwo sungakhale mudzi. Ulemu wa munthu uyenera kuyesedwa ndi nchito ya mtundu umenewu, pakuti mpando wa m'ofesi Boma kapena makina atha kuucotsa tsiku liri lonse.

Kwa inu abale anga amene mwangotsiriza sukulu ndinena izi. Phunzirani makina atsopanowa, musawaope ndipo musawapembedze. Walira mvula walira matope, ndipo ife amene tifuna zipatala zabwino, mbeu zabwino ndi foni m'thumba tiyenera kulandiranso nchito ya kuyang'anira matopewo. Nchito imeneyo siigwirika ndi munthu mmodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Anchito a ku England anamveka pamene anagwirizana, ndipo mlimi mmodzi wa thonje alibe mau pa mtengo, koma bungwe la alimi lili nao. M'caka ca 2022 ndalama za citukuko ca dera la phungu aliyense zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zofuna za anthu ziyambira m'makomiti a m'mawadi. Inu amene mudziwa kuwerenga ziwerengero, pitani ku misonkhano imeneyo, mukhale pafupi ndi agogo anu amene sadziwa, ndipo pakabwera cinthu catsopano mufunse mwaulemu kuti mwini wace ndani, wopindula ndani, ndipo cikalakwa tidzapita kwa yani.

Ena mwa inu mudzapata mpando m'ofesi, ndipo ndikufunirani mwai umenewo. Tsiku limene mlimi wocokera ku Vubwi adzaima pa zenera lanu, kompyuta nikana dzina lace, musamuuze kuti abwere mawa musanayese njira zonse zimene muli nazo lero. Mumlembere pa pepala dzina lanu ndi tsiku lobwerera, kuti akafika kwao akhale ndi coonetsa. Makina amene akana dzina lace caka cino ndi amtundu womwewo amene adzayesa nchito yanu ndi yanga zaka zikudzazi, ndipo tsiku limenelo nafenso tidzafuna munthu wotiyankha pa zenera. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.